Kusonkhanitsa ndalama za pepala za atsamunda a ku Spain: kuzindikira zenizeni ndi kudziwa mtengo wake

Ndalama ya 10 pesos ya ku Havana, likulu la Cuba, ya pa 15 Meyi 1896, ija ili ndi ngolo ya ng'ombe yonyamula nzimbe, yatha zaka zoposa 125. Komabe ogulitsa ali nazo zambirimbiri, ndipo munthu wongoyamba kumene angathe kuigula thumba osalira. Ndalama ya ku Manila, ku Philippines, ya 1852 imangoiposa ndi zaka 44 zokha, koma osonkhanitsa ambiri amakalamba asanaigwirepo ndi manja awo. Ukale pawokha suika mtengo. Mtengo umachokera pa mafunso anayi, ndipo ayenera kufunsidwa motsatana chonchi: pepalali ndi liti kwenikweni, kodi ndi lenileni, lili bwanji ndipo alipo amene analikonzakonza, ndiyeno ena ofanana nalo anagulidwa pa ndalama zingati. Wolumpha funso loyamba n'kuthamangira lomaliza ndiye amagula zodula kapena kugulitsa motaya.

Malire a zimene mukusonkhanitsa

Spain inalamulira mbali yaikulu ya America zaka pafupifupi 300, koma ndalama ya ufumuwo inali siliva. Ndalama yachitsulo ya 8 reales, yosulidwa ku Potosí (m'dziko la Bolivia lero) ndi ku Mexico, ndiyo inkatchedwa peso, ndipo anthu ankaikhulupirira kuposa pepala lililonse. Pepala linkabwera siliva akasowa. Ku Puerto Rico, kumene boma linkadalira siliva wotumizidwa kuchokera ku Mexico wotchedwa situado, anatulutsa mapepala a 8 reales mu 1766 chifukwa cha kusowa kwa ndalama yachitsulo. Mapepala a m'zaka za m'ma 1700 oterowo ndi osowa kwambiri. Wina akakutsatsani limodzi pa mtengo wabwino, yambani ndi kukayika.

Zimene munthu angathe kusonkhanitsadi zimachokera kumadera atatu amene anatsalira m'manja mwa Spain maiko ena atalandira ufulu m'zaka za m'ma 1820, ndipo anatsalabe mpaka pangano la ku Paris la pa 10 Disembala 1898: Cuba, Puerto Rico ndi Philippines.

Cuba ndiyo ili ndi zambiri. Banco Español de la Habana inakhazikitsidwa mu 1856 ndipo inayamba kutulutsa mapepala mu 1857. Pa nkhondo ya zaka khumi, 1868 mpaka 1878, ndalama zachitsulo zinabisika, ndipo kuyambira 1872 bankiyo inatulutsa timapepala ting'onoting'ono ta 5, 10, 25 ndi 50 centavos. Mu 1881 dzina linasintha kukhala Banco Español de la Isla de Cuba. Mu 1891 kunatuluka mapepala a El Tesoro de la Isla de Cuba, osindikizidwa ndi Bradbury Wilkinson ku London. Kenako, nkhondo ya 1895 itayamba, anasindikiza mapepala ochuluka zedi a pa 15 Meyi 1896 ndi a pa 15 Febuluwale 1897. Mphamvu yawo inagwa, ulamuliro wa Spain unatha, ndipo mitolo yambiri inangotsala osaomboledwa. Ndiye chifukwa chake lero ndi otsika mtengo, ngakhale ena ooneka ngati achoka kumene ku makina.

Ku Puerto Rico, pepala lopezeka mosavuta ndi Billete de Canje la 1 peso la 1895, lolembedwa Ministerio de Ultramar. Linagwiritsidwa ntchito kanthawi kochepa posinthitsa ndalama za siliva za ku Mexico ndi peso yatsopano ya chilumbacho. Mapepala a Banco Español de Puerto Rico ndi nkhani ina, ndi osowa ndipo ndi odula. Ku Philippines, El Banco Español Filipino de Isabel II inakhazikitsidwa mu 1851 n'kutulutsa mapepala otchedwa pesos fuertes mu 1852. Mfumukazi Isabel II atachotsedwa pa mpando mu 1868, dzina lawo linachotsedwanso pa dzina la banki. Pafupifupi pepala lililonse la ku Manila la nthawi ya Spain ndi la osonkhanitsa amene ali ndi thumba lozama.

Pali mapepala ena amene ogulitsa amakonda kuwaponya m'gulu lomweli pamene si a atsamunda a ku Spain ayi. A República de Cuba a 1869 ndi a zigawenga zimene zinkamenyana ndi Spain. A República Filipina ndi a boma la Emilio Aguinaldo, mtsogoleri wa omenyera ufulu a ku Philippines. A Mfumu Iturbide ya ku Mexico a 1823 anatuluka dziko litalandira kale ufulu. Osokoneza kwambiri ndi a Banco Español Filipino a 1908: dzina ndi lomwe lija, mawu ndi a Chisipanishi, koma anatuluka pansi pa ulamuliro wa America ndipo anasindikizidwa ku Washington. Bankiyo inasintha dzina kukhala Bank of the Philippine Islands mu 1912. Onsewa ndi abwino kukhala nawo, koma muwalembe mayina awo enieni.

Kwa woyamba, njira yanzeru ndi kutolera mapepala a ku Cuba a 1896 ndi 1897, kuyambira 5 centavos mpaka 10 pesos. Si kuti adzakulemeretsani. Ubwino wake ndi woti mumaphunzira kumva pepala lenileni ndi inki yeniyeni ya m'zaka zimenezo pa mtengo woti mukalakwitsa simugona ndi chisoni.

Zida n'zochepa: galasi lokulitsa kakhumi, tochi yaing'ono yowala kwambiri, nyali ya UV (ija yoyesera ndalama zachinyengo) ya 365 nm, lula ya mamilimita, ndi katalogi ya ndalama za pepala. Sambani m'manja, mupukute mouma. Magolovesi a thonje amachotsa kumva kwa zala ndipo amakola m'mphepete mwa pepala long'ambika, choncho manja oyera ndi abwino kuposa.

Kuwerenga pepala

Lembani zonse musanatsegule katalogi: dzina la wotulutsa, mzinda, tsiku lathunthu, mtengo, chilembo cha Serie, nambala ndi mtundu wa inki yake, masiginecha ndi maudindo olembedwa pansi pake monga El Gobernador kapena El Cajero, zidindo zonse kutsogolo ndi kumbuyo, komanso dzina la wosindikiza, limene limakhala m'tizilembo ting'onoting'ono m'munsi. Miyezi ili m'Chisipanishi: Enero, Febrero, Mayo, Julio, Agosto. Yezani utali ndi mulifupi, wa pepala lonse komanso wa chithunzi chokha.

Dzina la wosindikiza limathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Timapepala ta ku Havana ta 1872 tinasindikizidwa ndi National Bank Note Company ya ku New York. Kampaniyo inalowa mu American Bank Note Company mu 1879, choncho ta 1883 tili ndi dzina lachiwirili, ngakhale maonekedwe ali ofanana ndithu. Tsiku ndi wosindikiza zikapanda kugwirizana, imani kaye pomwepo.

Mukatero pezani nambala ya Pick, imene ogulitsa padziko lonse amagwiritsa ntchito ndipo inatenga dzina kwa Albert Pick amene anayambitsa katalogiyo. Samalani ndi kachilembo kotsatira nambala, a, b, c, s kapena p, chifukwa mtengo umabisala pamenepo. Mapepala ambiri a 1896 alipo a mitundu iwiri: opanda chidindo kumbuyo, ndi odindidwa mawu ofiira akuti PLATA, kutanthauza siliva. Onani kumbuyo kwa 1 peso, kumene kuli nkhope ya María Cristina, amene ankagwirizira ufumu mwana wawo Alfonso XIII ali wamng'ono, muone ngati chidindocho chilipo. Billete de Canje nalonso lili pawiri: lokhala ndi kachidutswa kake kam'mbali, konga kotsalira m'buku la malisiti, ndi lodulidwa kale. Chithunzi n'chimodzi koma msika umaziona ngati zinthu ziwiri.

Lenileni kapena lachinyengo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo ili likufuna mphindi khumi kapena kuposa pa pepala lililonse.

Mapepala a ku New York ndi ku London anasindikizidwa ndi mbale zachitsulo zozokotedwa. Inki inkalowa m'mizere yozokotayo n'kukanikizidwa pa pepala lonyowa ndi mphamvu yaikulu, motero imakhala yotukuka pang'ono. Ikani pepala pathebulo, zimitsani nyali ya m'chipinda, walitsani tochi kuchokera m'mbali ili pafupifupi chogona. Mizere yakuda ya zilembo ndi ya chithunzi iyenera kuponya kamthunzi. Pa galasi, nkhope kapena ng'ombe ija ikhale yopangidwa ndi mizere ndi timadontho ta mtundu umodzi, takuthwa, tosiyana makulidwe. Mukaona timadontho ta mitundu inayi, tabuluu, tofiirira, tachikasu ndi takuda, tomwazikana kapena toyalana ngati timaluwa, pepalalo latuluka mu pulinta kapena m'makina a masiku ano. Palibenso chokambirana.

Yachiwiri ndi nyali ya UV. Pepala la ndalama la m'zaka za m'ma 1800 linapangidwa ndi nsanza za thonje ndi bafuta, ndipo pansi pa nyaliyi limaoneka lozimiririka. Mankhwala oyeretsa amene amawalitsa pepala buluu anayamba kulowa m'mapepala wamba cha m'ma 1950. Pepala lonse likawala buluu, mwina ndi latsopano, mwina ndi lakale lochapidwa ndi sopo wa ufa. Likawala malo amodzi okha, pamenepo pali chigamba, guluu kapena selotepi yochotsedwa. Koma musakhulupirire nyali yokha: wonyenga wochenjera amasindikiza pa masamba opanda kanthu ong'ambidwa m'mabuku akale, ndipo pepala lotero limapambana mayesowa.

Masiginecha olembedwa pamanja anali a inki ya chitsulo, imene imasanduka yofiirira ikakalamba, imaonekera kumbuyo, ndipo nthawi zina imadya pepala mpaka kuboola. Siginecha yakuda bii, yokhala pamwamba chabe, pa pepala loyenera kusainidwa pamanja, ndi chenjezo. Pa timapepala ting'onoting'ono tambiri masiginecha anali osindikizidwa, ndiye onani kaye zimene katalogi ikunena. Chidindo chowonjezera, monga PLATA kapena china chilichonse chokweza mtengo, chionedwe pa mzere wa popinda. Chidindo chenicheni chinatha limodzi ndi pepala. Chodindidwa dzulo chimadutsa pamzerepo chili chathunthu, kapena inki yake imalowerera mu ulusi wothyoka n'kufalikira.

Si chachinyengo chilichonse chimene chili chotaya. Zilipo zimene zinapangidwa nthawi yomweyo kuti zipusitse amalonda a ku Havana, nthawi zina zodindidwa FALSO ndi banki. Zimenezo zili ndi ozifuna, malinga zigulitsidwe pa dzina lake.

Palinso mapepala enieni amene sanayendepo ngati ndalama. Olembedwa SPECIMEN kapena MUESTRA, nthawi zambiri okhala ndi maziro m'malo mwa nambala ndi timabowo pamalo a siginecha, anali achitsanzo. Ena ndi oyesera mbale, osindikizidwa mbali imodzi pa pepala lopyapyala lomatidwa pa khadi. Ambiri otere anafika pamsika zosungidwa za American Bank Note Company zitagulitsidwa pa okushoni ya Christie's mu 1990. Enanso ndi otsalira, osasainidwa kapena opanda tsiku. Apa pali msampha: munthu amatenga lotsalira, n'kulisainira yekha kuti lioneke ngati linayenda. Mabowo a banki ndi zidindo monga PAGADO, ANULADO kapena INUTILIZADO si kuwonongeka, ndi mbiri ya pepalalo. Kawirikawiri zimatsitsa mtengo, koma pa mitundu ina yosowa lofafanizidwa ndilo lokha limene lilipo.

Mmene pepala lilili

Muyeso wodziwika ndi wa bungwe la International Bank Note Society, ndipo umawerenga mapindidwe. UNC ndi pepala losapindidwapo, la ngodya zakuthwa. AU lili ndi kupinda kumodzi kopepuka pakati kapena kakhwinya ka powerenga. EF lili ndi mapindidwe opepuka osapitirira atatu, kapena kumodzi kwamphamvu. VF lapindidwa kangapo, choimirira ndi chopingasa, koma likadali lolimba ndipo silinang'ambike. F lafewa, lili ndi ting'alu m'mphepete tosafika pa chithunzi. VG ting'alu tafika pa chithunzi ndipo pakati pangakhale kabowo pamene mizere ikumana. Pansi pake pali G, Fair ndi Poor. Kampani yoyeza mapepala ya PMG imagwiritsa ntchito manambala 1 mpaka 70: VF ndi 20 mpaka 35, EF ndi 40 mpaka 45, AU ndi 50 mpaka 58, ndipo losayenda limayambira pa 60. Zilembo EPQ zimatanthauza kuti pepala lili mmene linabadwira, pamene NET ndi chenjezo loti pali vuto lalikulu.

Werengani mapindidwe ndi tochi ya m'mbali ija, kumbuyo kwa pepala, osati poliyang'ana chamaso. Kenako likwezeni pa kuwala kuti muone timabowo ta pini, popeza osunga ndalama ankamanga mitolo ndi pini, komanso malo opyapyala pamene wina anafufuta kapena kumatula chinthu. Zilumba zonse zitatu ndi zotentha ndi zachinyezi, ndiye madontho a dzimbiri, nkhungu ndi mabowo a tizilombo n'zofala. Zolakwika zimenezi zilembedwe padera. "VF, timabowo tiwiri ta pini, dontho la dzimbiri kumanzere" ndi mawu oona kuposa kungotsitsa pepala mpaka F osanena chifukwa.

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala loyera mbee, losalala ngati galasi, liyenera kuonedwa kawiri. Lochapidwa limataya kuwala kwa pamwamba, mitundu yofiira ndi ya nambala imazilala, mizere ya popinda imasanduka yoyera kuposa pozungulira, ndipo nthawi zina limanunkha mankhwala. Lositidwa limataya kutukuka kwa inki, ndipo manambala saonekanso kumbuyo ngati okanikizidwa. Lodulidwa m'mphepete kuti ng'alu zichoke limaperewera milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo apa ndi pamene lula ija imagwira ntchito. Kumbukirani kuti timapepala ting'onoting'ono tina tinkadulidwa pamanja, motero m'mphepete mokhota si umboni pawokha. Chokayikitsa ndi m'mphepete mowongoka, moyera, pa pepala lakuda ndi lofewa. Inuyo musachape, musasite, musafufute, musamate. Pepala la VF lauve koma losakhudzidwa limagulidwa bwino kuposa lomwelo litayeretsedwa, ndipo zimene madzi achotsa sizibwerera.

Kupeza mtengo

Mtengo wa m'katalogi ndi poyambira chabe, ndipo nthawi zambiri ndi wa zaka zapitazo. Mtengo umene wogulitsa walemba pa intaneti ndi chikhumbo chake. Umene mukufuna ndi umene munthu analipiradi. Nyumba za okushoni monga Heritage, Stack's Bowers, Spink ndi Áureo & Calicó ya ku Barcelona zimasunga zotsatira za malonda awo pamodzi ndi zithunzi. Fufuzani malonda atatu mpaka asanu a nambala ya Pick yomweyo, kachilembo komweko, muyeso wofanana, a m'zaka zitatu zapitazi. Tayani lokwera kwambiri, chifukwa nthawi zambiri limangosonyeza anthu awiri amene anakanirirana, ndipo tengani a pakati.

Onetsetsani ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza gawo limene wogula amalipira nyumba ya okushoni, limene kawirikawiri limakhala pafupi ndi 20 pa 100 iliyonse. Mwachitsanzo, nyundo ikagwa pa madola 200, wogula amatulutsa pafupifupi 240, pamene wogulitsa amalandira zosakwana 200 akachotsedwa gawo lake. Choncho pepala limodzi lili ndi mitengo itatu: woligulira, woligulitsira mwachangu kwa wamalonda, ndi wolembetsa ku inshulansi. Nenani kuti mukuyeza uti.

Muyeso sulemera mofanana paliponse. Pa mapepala wamba a 1896 ndi 1897, mtengo wonse uli pamwamba: la F palibe amene amalilimbirana, choncho dikirani la UNC. Pa mapepala a ku Manila, a Banco Español de Puerto Rico, kapena akuluakulu a ku Havana a m'ma 1850 ndi 1860, kusowa ndiko kumalamula, ndipo la VG long'ambika lingapose mtolo wathunthu wa atsopano wamba. Mbiri ya eni ake akale, ngati ili ndi umboni monga tsamba la katalogi ya okushoni lokhala ndi nambala yomweyo, imawonjezera mtengo ndi chikhulupiriro. Nkhani ya pakamwa yokha siwonjezera kanthu.

Kutumiza pepala ku kampani yoyeza kuli ndi phindu pamene mtengo wake ukuposa kangapo ndalama zoyezetsa, zotumizira ndi za inshulansi, kapena pamene pali kukayika ngati ndi lenileni. Kutsekera 5 centavos wamba m'chikwama cha kampani ndi kuveka mbuzi suti.

Kusunga ndi malamulo

Pepala lililonse likhale m'kathumba kake ka poliyesitala wosasakaniza, wodziwika ndi dzina loti Mylar. Pewani pulasitiki wofewa wa PVC, amene amatulutsa mafuta n'kusandutsa pepala loonekera, ndipo inki imamatirira. Fungo lamphamvu la pulasitiki watsopano ndi chizindikiro chake. Sungani chogoneka, mumdima, pa chinyezi cha 45 mpaka 55 pa 100 ndi kutentha kwa pafupi ndi madigiri 20. Chinyezi chikapitirira 65 nkhungu imayamba, ndipo kusinthasintha kwa tsiku ndi tsiku kumapotoza pepala. Ikani timapaketi toyamwa chinyezi m'bokosi, osati m'kathumba mwenimwenimo. Pepala lankhungu lipatulidwe kwa anzake nthawi yomweyo. Zolemba zanu zikhale pa khadi lapadera, ndi pensulo, pamodzi ndi chithunzi cha mbali zonse ziwiri chooneka nambala.

Pogula kunja, funsani za chilolezo musanalipire. Lamulo la ku Spain la 1985 loteteza zinthu zakale limafuna chilolezo potulutsa m'dzikomo chinthu choposa zaka 100, ndipo mapepala onsewa apitirira zakazo. Nyumba za okushoni za kumeneko zimakupempherani chilolezocho, koma katundu amachedwa milungu ingapo. Malamulo a America oletsa malonda ndi Cuba nawonso amachititsa kuti misika ina ya pa intaneti ndi makampani olipirira aimitse malonda alionse otchula dzina la Cuba, ngakhale pepalalo ndi la 1896. Gwirizanani ndi wogulitsa za njira yolipirira pasadakhale, ndipo alembe pa lisiti nambala ya pepalalo komanso lonjezo loti adzabweza ndalama likapezeka lachinyengo kapena lokonzedwa.